Mwana agwire singano, kholo likhale pafupi

Ana inu, kodi munagwirapo nkhosa? Kodi munakhudzapo ubweya wake? Nkhani iyi ndi ya ubweya wa nkhosa, singano imodzi ndi manja anu. Muiwerenge pamodzi ndi amayi, abambo, agogo kapena akulu anu. Mawu ena ndalembera inu. Mawu ena ndalembera makolo. Mukapeza mawu ovuta, imani ndi kufunsa.

M'maiko ena muli mabanja amene amaphunzitsa ana awo pakhomo. Anawo sapita ku sukulu. Mphunzitsi wawo ndi mayi kapena bambo, ndipo kalasi yawo ndi tebulo lodyerapo. Mabanja otere ndi ambiri ku United States, kumene pofika caka ca 1993 lamulo linali litawalola m'zigawo zonse 50 za dzikolo. Alikonso ku Britain. Ku South Africa lamulo la sukulu la caka ca 1996 linalola makolo kucita cimodzimodzi. M'mawa ana a m'mabanja awa amawerenga, amalemba, amacita masamu. Masana amagwira nchito za manja. Ena amasoka. Ena amasema. Ena amaumba zinthu ndi ubweya wa nkhosa, ndipo cida cawo ndi singano yakuthwa kwambiri.

Makolo akaona singano imeneyi amacita mantha. Amati mwana wa kalasi yoyamba sangaigwire. Maganizo anga ndi awa: mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri angathe kuigwira, ndipo angaphunzire zambiri poigwira. Koma pali lamulo limodzi losaphwanyika. Munthu wamkulu akhale pafupi, kuyambira pamene singano yatuluka m'kabokosi mpaka pamene yabwereramo. Ngati kholo lilibe nthawi yokhala pansi, singano isatuluke.

Nchito yake ndi yotani?

Nsalu zimene timavala zili ndi ulusi. Ulusi wina umayenda m'litali, wina umadutsa mopingasa. Koma pali nsalu ina imene ilibe ulusi. Saiwomba ndipo sailuka. Amangotenga ubweya ndi kuupanikiza mpaka ugwirane wokha. Nsalu iyi m'Cingerezi amaichula felt, m'Cipwitikizi amati feltro.

Nanga ubweya umagwirana bwanji? Ana inu, mumadziwa mamba a nsomba. Kaubweya kalikonse ka nkhosa kali ndi timamba totero. Ndi tating'ono kwambiri, maso sangatione. Tiubweya tikakhulana, timamba timakolana, ndipo sitimasukanso. Thonje lilibe mamba. N'cifukwa cake thonje siligwirana monga ubweya.

Pali njira ziwiri zogwiranitsira ubweya. Njira yoyamba ndi ya madzi ofunda ndi sopo. Timanyowetsa ubweya, timaupaka sopo, timaufikisa m'manja mpaka ulimbe. Njira yaciwiri ndi ya singano, ndipo siifuna madzi.

Singano iyi si yosokera. Ilibe bowo lolowetsa ulusi. Kutalika kwake ndi pafupifupi masentimita 8. Kumutu kwake ndi yopindika ngati cilembo L. Kufupi ndi nsonga kuli timano ting'onoting'ono. Singano ikalowa mu ubweya, timano timakoka tiubweya ta pamwamba ndi kutilowetsa m'kati. Singano ikatuluka, tiubweya timatsala momwemo. Mukabaya kamodzi simuona kanthu. Mukabaya kambirimbiri, ubweya umayamba kucepa ndi kulimba. Pamene mwabaya kwambiri pamalowa m'kati. Pamene mwabaya pang'ono pamakhala potukuka. Umo ndi mmene amaumbira mpira, dzungu, mbalame kapena mbewa. Zili ngati kuumba ndi dongo, koma manja sada.

Singano zili ndi manambala. Ya nambala 36 ndi yonenepa, yoyambira nchito. Ya 38 ndi yapakati. Ya 40 ndi yowonda, yosalazira pomaliza. Nambala ikakula, singano imawonda. Banja limene likuyamba kumene lingagule ya 36 kapena ya 38, basi. Pansi pa ubweya timaika siponji yokhuthala, kuti nsonga isagunde tebulo kapena bondo. Ngati siponji palibe, tisoke kathumba ka ciguduli ndi kukadzaza mpunga.

Inacokera kuti?

Nsalu ya ubweya wogwirana ndi yakale kwambiri. Ku Siberia, m'mapiri a Altai, kuli malo ochedwa Pazyryk. Kumeneko kuli manda a mafumu akale, ndipo m'mandamo munaundana madzi cifukwa ca kuzizira. Kuyambira caka ca 1947 mpaka 1949 katswiri wina, Sergei Rudenko, anakumba mandawo. Anapeza nsalu yaikulu ya ubweya wogwirana ndi mbalame zopangidwa ndi nsalu yomweyo. Zinthuzo zakhala zaka zoposa 2,000, koma zikadalipo. Zimasungidwa m'nyumba ya zinthu zakale ya Hermitage, mumzinda wa Saint Petersburg.

Ku Mongolia abusa amakuta nyumba zawo zozungulira ndi nsalu imeneyi, kuti mphepo isalowe. Nyumbazo amaziti ger. Ku Kyrgyzstan amayi amapanga zoyala pansi za mitundu yowala, zochedwa shyrdak ndi ala-kiyiz. Caka ca 2012 bungwe la UNESCO linalemba luso limeneli pa mndandanda wa zinthu zofunika kuteteza msanga, cifukwa odziwa kulipanga anali kucepa. Anthu onsewa amagwiritsa nchito njira ya madzi.

Singano ya timano inabwera pambuyo. Inayamba m'mafakitale m'zaka za m'ma 1800. Makina aakulu amanyamula singano zikwizikwi, zonse zikubaya nthawi imodzi. Mpaka lero makina otero amapanga zoyala pansi m'galimoto. M'zaka za m'ma 1980 David ndi Eleanor Stanwood, a ku United States, anatenga singano za m'fakitale ndi kuyamba kuzigwira ndi dzanja. Anthu ena anaphunzira kwa iwo, luso linafalikira, ndipo linafika pa matebulo a mabanja. Cida ca m'fakitale cinasanduka cida ca pakhomo.

Mphunzitsi amene anaganizira manja a ana

Mabanja ambiri ophunzitsa ana pakhomo amatsata maganizo a mphunzitsi wina wa ku England, mayi Charlotte Mason. Anabadwa caka ca 1842, anamwalira caka ca 1923. Anakhala zaka zambiri m'tauni ya Ambleside, kumene ankaphunzitsa aphunzitsi. Caka ca 1886 anatulutsa buku lolangiza makolo, lochedwa Home Education. Iye sanaone ana akuumba ndi singano ya timano, cifukwa luso ili linabwera iye atamwalira kale. Koma malangizo ake a nchito za manja amagwirizana nalo bwino.

Malangizowo ndi anayi. Loyamba, mwana asataye nthawi kupanga zinthu zacabecabe. Laciwiri, aphunzitsidwe pang'onopang'ono ndi mosamala. Lacitatu, nchito yocita mosasamala isalandiridwe. Lacinayi, nchito ikhale ya msinkhu wa mwana, yoti angathe kuimaliza. Mayi Mason ankafunanso kuti phunziro la mwana wamng'ono likhale lalifupi, lisapitirire mphindi 20.

Si iye yekha amene anaganiza motero. Sukulu za Waldorf, zimene zinayamba ku Stuttgart ku Germany caka ca 1919, zimaphunzitsa ana a kalasi yoyamba kuluka, anyamata ndi atsikana omwe.

Ine ndimagwirizana ndi malangizo anayi aja. Koma ndinawamvetsa bwino nditalakwa.

Tsiku limene ndinafulumira

Mbale wanga wina amagwira nchito ku Johannesburg. Caka cina anabwera ndi kaphukusi. M'katimo munali ubweya wofiira, wacikasu ndi woyera, singano zitatu ndi siponji. Anandionetsa kamodzi mmene amabayira, kenako anabwerera.

Mdzukulu wanga anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Anati, "Agogo, ndipatseni ndiyese." Ndinamupatsa singano ndi ubweya wofiira. Ndinamuuza kuti apange mbalame. Ine ndinanyamuka kukaona mphika pamoto. Sindinacedwe, koma ndisanafike ku khichini ndinamva kulira. "Agogo, yandibaya!" Ndinathamanga. Cala cinali kutuluka magazi. Singano inali itathyoka, ndipo nsonga yake inali itagwa pa mkeka. Tinaifunafuna mpaka dzuwa kupendeka, cifukwa mng'ono wake anali kukwawa pa mkeka womwewo.

Bala linali laling'ono, linapola msanga. Koma mantha sanathe msanga. Sabata yathunthu mwanayo sanafune kuona ubweya. Ankati, "Ine sindingathe."

Wolakwa sanali mwana. Wolakwa ndinali ine, ndipo ndinalakwa katatu. Ndinamupatsa singano manja ake asanazolowere ubweya. Ndinamuuza kuti apange mbalame, cinthu covuta ngakhale kwa wamkulu. Ndipo ndinamusiya yekha. Akulu anati kuthamanga si kufika.

Tinayambanso, koma mwa njira ina. Njira imeneyo ndi imene ndikupatsani pano.

"Singano ndi yoopsa"

Awa ndi mawu oyamba amene makolo amanena. Ndi oona. Singano iyi ndi yakuthwa kuposa yosokera, ndipo timano take timawawa. Citsulo cake ndi couma, sicipindika, cimangothyoka. Koma mpeni nawonso ndi woopsa, moto ndi woopsa, khasu ndi loopsa. Sitibisira ana zinthu zimenezi moyo wawo wonse. Timawaphunzitsa pang'onopang'ono, ife tili pomwepo. Ticite cimodzimodzi ndi singano.

Gawo loyamba: madzi ndi sopo. Mwana wa zaka zisanu kapena zisanu ndi cimodzi ayambire pano. Atenge ubweya wodzaza m'dzanja, aukulunge ngati mpira. Auviike m'madzi ofunda a sopo. Auzungulitse m'manja mofatsa, monga mmene timaumbira mbamu ya nsima. Poyamba asafinye. Ukayamba kulimba, akanikize kwambiri. Pomaliza autsuke ndi madzi ozizira ndi kuuyanika. Wapanga kampira. Apa palibe cobaya.

Gawo laciwiri: kuonerera. Kholo libaye, mwana ayang'ane. Kholo lizinena zimene likucita: "Ndalowetsa. Ndatulutsa. Ndalowetsa. Ndatulutsa." Mwana asankhe mitundu ndi kung'amba ubweya ndi zala. Ubweya sitidula ndi sizasi pokonzekera, timangoukoka pang'onopang'ono mpaka ulekane.

Gawo lacitatu: kubaya m'cikombole. Titenge codulira mabisiketi, kapena tipange mkombero ndi katoni yolimba. Tiike cikombole pa siponji, tidzaze ubweya m'kati. Mwana agwire cikombole kunja ndi dzanja limodzi, abaye m'kati ndi dzanja lina. Zala zili kutali ndi nsonga. Pakapita kanthawi atembenuze ubweya ndi kubaya mbali inayo, kuti usakakamire pa siponji.

Gawo lacinayi: kuumba mpira ndi singano. Apa mwana asagwire ubweya ndi zala. Aupanikize ndi kamtengo. Ena amavala tizikopa m'zala za dzanja logwirira.

Mwana asapite ku gawo lina asanadziwe bwino gawo limene ali. Wina amatenga masiku, wina miyezi. Palibe mpikisano.

Ana inu, malamulo awa ndi anu. Awerengeni mokweza.

Ndimakhala pansi ndikagwira singano.
Ndimayang'ana nsonga nthawi zonse.
Ndikafuna kulankhula, ndimayamba ndaima.
Ndimalowetsa mowongoka, ndimatulutsa mowongoka.
Sindibaya mothamanga.
Ndikamaliza, ndimapereka singano kwa wamkulu.

Makolo, inunso muli ndi malamulo anu. Mwana aliyense akhale ndi singano yakeyake. Singano imene yabaya munthu isagwiritsidwe nchito ndi wina, cifukwa matenda ena amayenda m'magazi. Mwana akadzibaya, sambitsani cala ndi sopo ndi madzi oyera, ndipo mucimange. Ngati nsonga yathyokera m'thupi, pitani naye ku cipatala. Singano ikathyoka, funani cidutswa mpaka mucipeze. Maginito angakuthandizeni. Timipira tating'ono musatisiye pamene pali khanda, lingameze ndi kutsamwa. Werengani singano poyamba, muziwerengenso pomaliza.

"Nthawi ya maphunziro ikutayika"

Awa ndi mawu aciwiri. Bambo wina angati, "Mwana wanga aphunzire kuwerenga ndi masamu. Zoseweretsa ubweyazi zimupatsa ciani?"

Yang'anani zala za mwana pamene wagwira singano. Wagwira ndi cala cacikulu, cala colozera ndi cala capakati. Zala zitatu zomwezi ndi zimene zimagwira pensulo. Dzanja lina likugwira cikombole kuti cisasunthe, monga limagwirira kope polemba. Maso akutsata nsonga, monga amatsatira mzere wa zilembo.

Mvetserani pakamwa pake. Akuwerenga: "Cimodzi, ziwiri, zitatu." Abaye kakhumi, atembenuze. Abayenso kakhumi, atembenuze. Akapanga timipira khumi, ali ndi zowerengera masamu. Timipira tofiira titatu ndi toyera tiwiri, tonse ndi tingati? Angathenso kuyala ubweya pa kansalu kokhuthala ndi kubaya mpaka patuluke cilembo: a, e, i, o, u. Cilembo cimene mwana wapanga ndi manja ake amacigwira, amacisisita, amacionetsa kwa anzake.

Koma phunziro lalikulu ndi lina. Ubweya susintha msanga. Mphindi zoyamba umaoneka ngati mtambo wopanda mutu. Mwana amafuna kusiya. Amati, "Sizikutheka." Kholo limati, "Baya kakhumi kena, tione." Amabaya. Kenako amaona kuti ubweya wacepa, walimba, wayamba kukhala mpira. Apa mwana wadziwa cinthu cimene buku silingamuuze: nchito imene ikuoneka ngati siyikuyenda imakhala ikuyenda. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Mawa akakumana ndi mawu aatali m'buku, kapena samu yovuta, adzakumbukira mpira wake.

Ubweya ulinso ndi cifundo. Mwana akadula nsalu molakwika, nsalu yawonongeka. Akalakwitsa pa ubweya, amangoonjezera wina pamwamba ndi kubayanso. Khutu la mbewa likacepa, amalikuza. Pakakhala dzenje, amalitseka. Mwana amaphunzira kuti kulakwa kumakonzeka.

Nthawi yake si yambiri. Mphindi 15 zakwana. Mwana akayamba kuyasamula kapena kuyang'ana kunja, imani. Dzanja lotopa ndi limene limadzibaya.

Tipange zinthu zanchito

Pa langizo loyamba la mayi Mason ndikufuna kuima pang'ono. Mwana amadziwa ngati nchito yake ndi yofunika. Akaona kuti cimene wapanga catayidwa kudzala, sadzasamalanso. Akaona kuti amayi akucigwiritsa nchito, amakweza mapewa.

Tsono tisankhe bwino. Mwana angapange kapilo kozikapo singano zosokera za amayi. Angapange timipira towerengera masamu. Angapange duwa losokera pa cipewa ca mlongo wake. Angapange coikapo kapu yotentha pa tebulo. Juzi ya ubweya ikabowoka, tingaike siponji m'kati mwake, tiyale ubweya pa bowo, tibaye mbali zonse ziwiri mpaka bowo litsekeke. Ndi cigamba copanda ulusi.

Mdzukulu wanga anayamba ndi timipira ta madzi ndi sopo. Patapita mwezi anabaya mtima wofiira m'cikombole. Mbali imodzi inali yofewa. Ndinamuuza kuti, "Apa palimba bwino. Apa sipanathe. Gwira uone." Anagwira, anavomera, anabayanso. Sindinamunamize kuti zonse zinali bwino, ndiponso sindinamulande singano kuti ndimumalizire. Mtima umenewo ndimazikapo singano zanga zosokera mpaka lero. Mbalame ija anaipanga caka cotsatira.

"Imeneyi ndi nchito ya atsikana"

Awa ndi mawu acitatu. Ine sindigwirizana nawo. Anyamata ali ndi zala khumi, atsikana ali ndi zala khumi. Onse adzagwira pensulo. Onse ayenera kudziwa kudikira. Pamsika timaona matelala aamuna akusoka, ndipo palibe amawaseka. Mnyamata angaumbe ng'ombe, galimoto kapena mpira wa timu yake. Abambo nawonso akhale pansi agwire singano. Mwana akaona bambo ake akulakwitsa, akuseka ndi kuyambanso, amaphunzira kuposa mmene angaphunzirire ndi mawu.

Kholo lisaope kuti silidziwa. M'mabanja ophunzitsa pakhomo aja, makolo ambiri amaphunzira nchito iyi pamodzi ndi ana. Ingoyambani inuyo usiku umodzi, ana atagona. Pangani mpira umodzi. Mudzadzibaya, ndipo mudzadziwa pamene singano imathawira. Mawa mudzadziwa pocenjeza mwana.

"Ubweya tiupeza kuti?"

Awa ndi mawu acinayi, ndipo ndi ovuta kuposa onse. Nkhosa zambiri za kwathu kuno zili ndi bweya lalifupi, lolimba ngati la mbuzi. Limenelo siligwirana bwino. Ubweya wabwino umacokera ku nkhosa za mtundu wina. Merino ndi nkhosa imene inayambira ku Spain, ndipo ikuwetedwa kwambiri ku South Africa ndi ku Lesotho. Ubweya wake ndi wofewa, wabwino pa madzi ndi sopo, koma umacedwa kulimba ndi singano. Corriedale ndi nkhosa imene inayambira ku New Zealand. Ubweya wake ndi wokulirapo, ndipo umalimba msanga ndi singano. Kwa mwana woyamba kumene, wa Corriedale ndi wosavuta.

Amene ali ndi abale ku Johannesburg, ku Cape Town kapena ku London angapemphe kuti awagulire m'masitolo a zoluka. Ubweya wolemera magalamu 50 umakwana timipira tambiri. Singano mugule zingapo, cifukwa zimathyoka.

Pali njira zosungira ubweya kuti usathe msanga. M'kati mwa mpira tingaike zoyera za m'pilo wakale, tizibaye mpaka zigwirane, kenako tikute ndi ubweya pamwamba pokha. Tingathenso kumasula juzi yakale ya ubweya, tidule ulusi wake m'tizidutswa, tiupese ndi mabulashi awiri mpaka ubwerere kukhala ngati mtambo. Ngati mwapeza ubweya wongometa kumene, uli ndi mafuta ndi zinyalala. Uviikeni m'madzi otentha a sopo osaufikisa, cifukwa mukaufikisa ugwirana nthawi isanakwane. Muutsuke, muuyanike pamthunzi, muupese.

Koma ndinene mosabisa. Ngati ubweya ndi singano sizikupezeka, musatenge ngongole cifukwa ca nkhani iyi. Dongo lilipo. Mlaza ulipo. Singano yosokera ndi kansalu zilipo. Malangizo anayi aja amagwira nchito pa zonsezi: cinthu canchito, pang'onopang'ono, mosamala, ca msinkhu wa mwana.

Nanga ife amene ana athu amapita ku sukulu?

Sindikunena kuti mucotse ana ku sukulu. Ayi. Ana apite ku sukulu tsiku lililonse. Mabanja ophunzitsa pakhomo ali ndi njira yawo ndi malamulo a maiko awo. Koma pali cinthu cimodzi cimene tingatenge kwa iwo. Iwo amaika nchito za manja pa ndandanda ya maphunziro, pamodzi ndi kuwerenga ndi masamu, ndipo kholo limakhala pansi ndi mwana.

Caka ca 2020 matenda a COVID-19 anatseketsa sukulu ku Moçambique, ku Malawi, ku Zambia ndi m'maiko ena ambiri. Kholo lililonse linasanduka mphunzitsi mosakonzekera. Nthawi imeneyo tinaona kuti pakhomo ndi sukulu ndithu. Masana alipo, Loweruka lilipo, chuthi ciliponso.

Mphunzitsi amene ali ndi kalasi yodzaza sangapatse mwana aliyense singano yakuthwa. Ali ndi maso awiri okha. Pakhomo pali mwana mmodzi kapena awiri, ndi wamkulu mmodzi. N'cifukwa cake phunziro ili ndi la pakhomo. Singano imakakamiza kholo kusiya zina zonse kwa mphindi 15. Foni ikhale m'thumba. Mphika ukhale utaphulidwa kale. Mwana amadziwa kuti nthawi imeneyi maso a amayi kapena abambo ali pa manja ake okha. M'mera mpoyamba.

Makolo, mupatseni mwana cida ceniceni ndi nchito yeniyeni. Yambani ndi madzi ndi sopo. Musathamange. Musacoke.

Ana inu, ubweya ukakana kulimba, musalire. Bayani kakhumi kena, kenako muone.

Tiyeni tikambirane

1. Kodi n'ciani cimene cimacititsa kuti ubweya wa nkhosa ugwirane?
2. Singano ya ubweya imasiyana bwanji ndi singano yosokera?
3. Agogo a m'nkhaniyi analakwa katatu. Chulani zolakwa zawo.
4. Nenani malamulo atatu a mwana wogwira singano.
5. Funsani akulu a kwanu: ndi nchito iti ya manja imene anaphunzira ali ana? Anawaphunzitsa ndani?

Nchito

Jambulani nkhosa m'kope mwanu. Lembani pansi pake mawu awa: nkhosa, ubweya, singano, sopo.